Kapulagi Koyera ka Mabowo Anayi

Ntchito ya magetsi ndinaiphunzira malo awiri. Poyamba kunali kusukulu ya ntchito zamanja, komwe m'kalasi mwathu atsikana tinalipo awiri okha, ndipo mnzangayo anasiyira panjira atapezeka ndi pakati. Kenako ndinadzaiphunziranso m'shopu ya malume anga ku Kawale, kuseri kwa msika, m'kachipinda koti mukalowamo anthu atatu, wachinayi aziyankhulira pawindo.

Malumewa ndi achimwene awo a mayi anga. Anayamba kukonza mawailesi ine ndisanabadwe, ndipo kusukulu ya ntchitoyi sanapondeko. Wailesi ikabwera ankaiyatsa, n'kupendeketsa mutu, n'kutchula chomwe chafa asanaitsegule n'komwe. Nthawi zambiri ankalondola. Zala zawo zinali zitapsa ndi ayironi yowotcherera kwa zaka zambiri, moti khungu lake linakhuthala ngati la kuchidendene. Nditamaliza maphunziro n'kuzungulira m'makampani miyezi ingapo osapeza ntchito, iwo ndi amene anauza mayi kuti, "Abwere kuno mwanayu, azidzandigwirira tochi." Ndinapita, ndipo miyezi yoyamba ndinkagwiradi tochi.

Zinali zaka zija mafoni am'manja atangoyamba kufika m'matumba mwa anthu wamba, pamene maofesi a m'tauni ankagulitsa makompyuta awo akale pamtengo wotaya. Anthu ankagula osadziwa ngati ali moyo, n'kubwera nawo kwa ife panjinga atawamanga ndi mphira. Malume sankafuna kuwaona. Ankati zimenezo n'za m'maofesi, zilibe mawu oti munthu n'kumvetsera. Choncho makompyuta onse ankagwera kwa ine, ndipo ambiri anali oti sangadzukenso.

Koma ngakhale m'kompyuta yakufa kawirikawiri munkatsala chinthu chimodzi chamoyo. Ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani, kamene kamalandira magetsi a m'khoma n'kuwasandutsa magetsi ngati a batire. Ife tinkangoti pawa sapulai. M'kabokosimo mumatuluka mtolo wa mawaya amitundumitundu. Achikasu amapereka mavoliti 12, chimodzimodzi batire ya galimoto, ofiira amapereka asanu, akuda ndi obwezera. Pali kawaya kamodzi kobiriwira, ndipo ukakalumikiza ndi kakuda kabokosiko kamayaka pakokha popanda kompyuta. Tsiku limene ndinaona fani ikuzungulira patebulo langa, kompyuta yake ili phee pakona, ndinadziwa kuti za tochi zatha.

Woyamba kugula anali wometa tsitsi wa pafupi nafe, amene ankaliza wailesi ya galimoto ndi batire yochita kukatchajitsa kawiri pasabata. Kenako kunabwera mayi wina wa ku Mgona amene ankafuna kumatchaja mafoni a anzake a m'nyumba zopanda magetsi. Mbiri inayenda. Anthu akafunsa, malume ankati, "Tinatulukira ife pano," ndipo ine sindinkatsutsa. Shopu inali yawo, komanso anali atayamba kundisiya kuti ndiziyankhula ndekha ndi makasitomala.

Kumapeto kwa mawaya aja kumakhala timapulagi. Kodziwika kwambiri n'koyera, ka mabowo anayi, waya wachikasu mbali iyi, wofiira mbali inayo, akuda awiri pakati. Tinkakakonda chifukwa umangodula kanzake kolowetsa pafani yakale, n'kulumikiza ku wailesi, ndipo munthu amatha kuzula ndi kulowetsa mmene wafunira. Koma m'bowo lililonse muli kachitsulo kopyapyala, kochepa ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni. Magetsi onse a waya umenewo amadutsa pamene tizitsulo tiwiri takhudzana, ndipo malowo ndi ochepetsetsa.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti cholumikizira chilichonse chili ndi malire ake, koma ndinalibe buku lonena za kapulagi kameneka. Ndiye ndinayesa ndekha. Ndinabwereka mababu atatu a kutsogolo kwa galimoto kwa amakanika a kuseri kwathu. Babu limodzi lotere limakoka magetsi okwana maampeya pafupifupi asanu. Nditalumikiza limodzi, kapulagi kanangofunda pang'ono ngakhale patatha ola. Nditaika awiri, kanatentha moti sindinkatha kukagwira nthawi yaitali. Nditaika onse atatu, tiyi wathu asanazizire n'komwe m'shopu munayamba kumveka fungo la pulasitiki, ndipo mbali ya waya wachikasu inasanduka yofiirira. Ndinalemba m'kope langa kuti kachitsulo kamodzi, babu limodzi, basi. Malume anaona zonsezo, koma anangoti nditsegule windo.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa, kunabwera bambo wina wa ku Area 25. Anali ndi nyumba yoonetseramo mafilimu, zija timati vidiyo sho, ndipo anali atagula ampulifaya ya galimoto kwa dalaivala wa thiraki wochokera ku Joni. Chinali chokuzira mawu cholemera ngati njerwa zitatu. Ankafuna chiziliza masipika awiri akuluakulu, ina mkati, ina panja yoitanira anthu, ndipo anali atatopa ndi zonyamula mabatire.

"Ndamva kuti muli ndi kabokosi kolowa m'malo mwa batire," anatero bambowo, akuyang'ana malume ngakhale timabokosito tinali patebulo langa. "Koma mundiikire pulagi yongozula. Tikaweruka ndimanyamula ampulifayayi kupita nayo kunyumba. Kuja akuba ndi ambiri."

Malume anatenga kabokosi kakakulu mwa tonse n'kuwerenga pepala lomata pambali pake.

"Apa alemba maampeya 15. Akwana bwinobwino. Iwe, waikire kapulagi koyera kaja."

Ine ndinali nditatembenuza kale ampulifaya ija n'kuona fyuzi yake. Inali ya maampeya 20.

"Malume, kabokosiko kayesetsa, bola asamakweze mawu mpaka kumapeto. Koma pakapulagi kamodzi ayi."

"Chifukwa chake?"

"Maampeya alembedwawo ndi a mawaya achikasu onse pamodzi. Onani, alipo asanu ndi awiri. Pakapulagi pali waya umodzi wokha ndi kachitsulo kamodzi. Kapsa."

Ndinafotokoza mmene ndikanachitira. Kudula timapulagi tonse, kupota mawaya achikasu onse pamodzi, akuda onse pamodzi, kuwawotcherera ku mawaya awiri onenepa, n'kumanga ndi mabawuti kuampulifaya. Kabokosi ndi ampulifaya n'kuzikhomera pathabwa limodzi, kuti azinyamulira pamodzi.

Bambowo anaseka. "Ndiziyenda ndi thabwa panjinga ngati kalipentala?"

"Komanso kapulagika mukamakazula tsiku ndi tsiku kamakhwepa," ndinapitiriza. "Kakakhwepa ndiye kamatentha msanga kuposa kale."

Malume anatenga ayironi n'kulumikiza okha kapulagi kaja mwachangu, n'kuikako sipika yathu ya m'shopu. Nyimbo inalira mpaka amayi ogulitsa tomato anatembenuka. Patatha nyimbo ziwiri anagwira kapulagi ndi chala chawo chokhuthala chija.

"Kakungofunda," anatero.

Ndinakagwira nanenso. Kanali kotentha.

"Sipika imodzi, yaing'ono, nyimbo ziwiri zokha," ndinatero. "Iwowa aziliza masipika awiri kuyambira m'mawa mpaka madzulo." Ndinatembenukira kwa bambowo. "Nyumba yanu ya vidiyoyo ndi ya njerwa?"

"Ya matabwa ndi mapepala akuda. Zikukhudzana bwanji?"

"Zitseko zilipo zingati?"

"Chimodzi." Kenako anayang'ana malume n'kufunsa mofatsa, ngati akufunsa nthawi, "Kodi mwini shopu pano ndi ndani?"

Malume anandipatsa ayironi ija osandiyang'ana.

"Maliza, ukulunge ndi tepi. Alendowa akuchedwa."

Ndinailandira n'kuiika pansi. "Ntchito iyi manja anga sakhudza, malume. Mukafuna chitani nokha."

Mawuwa anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Pawindo panali patadzaza kale mitu ya anthu obwera kudzamva nyimbo. Malume anamaliza okha n'kukulunga tepi, ndipo bambowo anamangirira katundu wawo panjinga n'kumapita. Tsiku lonselo sitinayankhulane.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi mayi ku Chinsapo. Nkhani inafika ine ndisanafike, chifukwa mkazi wa malume anali atawaimbira pafoni ya aneba. Ndinawapeza akusankha kaunjika woti akagulitse m'mawa, ndipo sanadikire kuti ndikhale pansi.

"Wawayankha achimwene anga pamaso pa alendo?"

"Ndawauza kuti kapulagi kapsa."

"Ine za mapulagi sindizidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti munthu uja anakutenga pamene makampani onse anakukana. Ukanadikira mlendo achoke, n'kuwauza pang'onopang'ono."

"Mlendo akanachoka ndi kapulagi komweko, mayi."

"Mawa ukapepese."

M'mawa mwake ndinapita. Ndinagwada pakhomo la shopu, pasimenti yotentha kale, n'kunena kuti ndapepesa chifukwa chokweza mawu pamaso pa anthu. Malume anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndidzuke. Ndikanatha kusiyira pomwepo, ndipo zonse zikanatha. Koma ndinawonjezera kuti, "Za kapulagi zija ndiye sindinasinthe." Anandilozera tebulo langa. Kuyambira tsiku limenelo makasitomala ankayankhula nawo okha.

Masabata awiri anadutsa. Ndinkagwira ntchito, koma mtima wanga unali ku Area 25. Ndinakulira pafupi ndi mavidiyo sho, ndipo ndinkadziwa mmene mumakhalira. Chitseko amachitseka kuti mukhale mdima komanso kuti osalipira asasuzumire. Mabenchi akutsogolo amakhala a ana. Ndikaona wometa tsitsi uja akuliza wailesi yake yaing'ono mosavuta, ndinkadziuza kuti mwina ndikukokomeza. Ndikatsegula kope langa ndinkaona zimene ndinalemba ndi dzanja langa.

Loweruka lina tinaweruka masana. M'malo mokwera minibasi ya ku Chinsapo, ndinakwera ya ku Area 25. M'chikwama ndinali ndi pulayala, tepi, mawaya awiri onenepa amene ndinawagula kwa amakanika, ndi ayironi yangayanga ya kusukulu. Sindinauze munthu aliyense.

Malowo sanavute kupeza, chifukwa sipika yapanja inkamveka kuchokera pasiteji. Inali filimu ya nkhondo, mfuti zikulira moti fumbi linkachita kugwa pamatabwa. Pakhomo panakhala mayi wina wachitenje chobiriwira, ali ndi mbale ya makobidi pamwendo. Ndinalipira n'kulowa.

Mkati munali motentha ngati mu uvuni. Anthu analipo ochuluka, ambiri ana, ena atakhala pansi mpaka pafupi ndi tebulo la kanema. Munkanunkha thukuta ndi chimanga chokazinga, koma pansi pa fungo limenelo panali lina limene ndinalizindikira ndisanakhale n'komwe. Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anthu akundinyoza kuti ndikuwatchinga, mpaka ndinafika kutsogolo. Ampulifaya ndi kabokosi kaja zinali pansi pa tebulo, pamwamba pa thumba lopanda kanthu, ndipo anazivundikira ndi katoni kuti zisalowe fumbi. Ndinakweza katoniyo. Ndi kuwala kwa kanema ndinaona kuti tepi ya malume inali itafutukuka yokha, ndipo kapulagi koyera kaja kanali kofiirira theka lonse. Nditayandikitsa chala sindinafunikire kukagwira.

Ndinatuluka kukafuna mwini wake. Ndinawapeza kuseri, atakhala pamthunzi ndi anzawo awiri akusewera bawo.

"Bambo, ndine wa kushopu ya ku Kawale. Kapulagi kaja kakusungunuka. Zimitsani kanthawi kochepa ndikonze. Sindikufuna malipiro."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndiwe mtsikana wamwano uja. Malume ako akudziwa kuti uli kuno?"

"Sakudziwa."

"Ndiye bwerera. Chinthu chagwira ntchito masabata awiri popanda vuto. Filimu ili pakati, anthu alipira."

"Bwerani mudzaone nokha."

"Ndati bwerera." Anatembenukira kubawo lawo.

Ndinaima pamenepo kanthawi. Ndinaganiza za mayi, ndinaganiza za malume, ndipo ndinadziwa bwinobwino chimene chidzandichitikire Lolemba. Kenako ndinabwerera pakhomo. Mayi aja anandilola kulowanso chifukwa anandiona ndikulipira. Ndinadutsanso pakati pa miyendo ija, ndinagwada pansi pa tebulo, ndinazimitsa kabokosi ndi kaswichi ka kumbuyo kwake, n'kutulutsa pulayala. Ndinadula mawaya mbali zonse ziwiri za kapulagi, kuti pasapezeke wina woti angobwezeretsa.

Mawu anazima. Pakanema asilikali anapitiriza kuthamanga ndi kutsegula pakamwa popanda phokoso lililonse. Kenako chiphokoso chinabuka. Ana anakuwa, akuluakulu anayamba kutukwana, wina anandigenda ndi chitsononkho chomwe chinandimenya paphewa. Chitseko chinatseguka, kuwala kunalowa, ndipo mwini wake anafika akukankha anthu. Anandigwira pamkono n'kundikokera panja.

"Wadula katundu wanga? Tiye kupolisi."

"Tiyeni," ndinatero. "Ndinyamula ichi, akaone."

Kapulagi ndinali nditakakulunga pakona ya bulauzi yanga chifukwa kankawotcha. Ndinakatula pachikhatho cha bambowo. Anakagwetsa pansi nthawi yomweyo n'kupukusa dzanja. Anthu anatizungulira. Mmodzi wa anzawo a bawo aja anakatola ndi kamtengo, n'kukabaya, ndipo kamtengoko kanalowa m'pulasitiki ngati m'phula.

"Kukutentha lero," anatero mwini wake. "Chilichonse chimafewa ndi dzuwa lotere."

"Zulani muone," ndinatero. "Munkafuna pulagi yongozula. Zulani."

Mnzawo uja anayesa kulekanitsa mbali ziwirizo ndi nsalu. Zinali zitamatirirana.

Apa m'pamene mayi a pakhomo aja anayankhula. Sindinkadziwa kuti anali akazi a mwini wake uja mpaka nditamva mmene anawaitanira.

"Abambo, musamukoke mwana wa eni. Pulagi imeneyo inakana kuzuka kuyambira Lachitatu. Mwakhala mukunyamula zonse pamodzi m'thumba, ndimakuonani. Ndipo fungo ndinakuuzani, munati ndi ana akuwotcha mapepala kuseri."

"Iwe khala chete, izi sukuzidziwa."

"Sindikuzidziwadi. Koma amene amakhala pafupi ndi tebulo lija tsiku lonse ndi ana anga awiri." Anaika mbale ya makobidi pansi n'kundiyang'ana. "Achemwali, mungakonze?"

"Ndingakonze, mayi."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Theka la ola. Mwina kupitirirako pang'ono."

"Konzani. Anthuwa ndiyankhula nawo ine."

Amuna awo anandisiya mkono. Anabwerera kuseri, koma bawo sanasewerenso.

Ndinagwirira ntchitoyo pakhomo, powala, anthu atandiunjirira. Waya woyamba ndinausenda mopitirira. Ena ankati ndapenga, ena ankati malume andituma kuti tidyenso kachiwiri. Mnyamata wina wamkulu ndithu anafunsa mokweza ngati ndili ndi mwamuna, anzake n'kuseka. Sindinadzutse mutu. Ndinadula timapulagi tonse, ndinapota achikasu asanu ndi awiri aja pamodzi mpaka anakhala ngati chingwe, akuda chimodzimodzi, n'kuwotcherera ku mawaya onenepa aja. Mawaya ofiira ndi ena osafunika ndinawatseka nsonga ndi tepi, uliwonse pawokha. Thumba ndi katoni ndinazitaya panja, n'kupempha njerwa ziwiri zoti zinthuzo zikhalepo kuti mpweya uzidutsa. Mayi aja anabweretsa njerwazo okha.

Nditayatsa, mfuti zinaliranso, ndipo anthu anathamangira kukalimbirana mabenchi ngati palibe chachitika. Filimu anaiyambitsanso pomwe inalekezera. Ndinakhala pafupi ndi tebulo mpaka inatha, ndikugwira mawaya kawirikawiri. Anangofunda pang'ono. Potuluka ndinawauza mayiwo kuti asamakweze mawu mpaka kumapeto, ndiponso kuti kabokosi kakadzayamba kuzima kokha asadzakakamize, chifukwa ndiye kuti kalemedwa. Anandigulira fanta pagolosale yoyandikana nayo. Amuna awo sanandithokoze, ndipo ine sindinkayembekezera kuti atero.

Lolemba m'mawa ndinapeza zinthu zanga zili m'katoni pakhomo la shopu. Munali kope langa, kapu yanga ya tiyi, juzi, ndi mita yanga yoyezera magetsi. Bambo a vidiyo anali atabwera Lamulungu kunyumba kwa malume, atangotuluka kutchalitchi, n'kuwauza pamaso pa aneba kuti anawagulitsa ntchito yabodza ndipo mwana wawo yemwe wakaulula.

Malume anali mkati, atawerama pawailesi. Ndinalowa, ndinatulutsa m'chikwama kapulagi kaja, kamene ndinakatola Loweruka lija, n'kukaika patebulo pawo, pafupi ndi dzanja lawo. Anakatenga, anakatembenuza, anakayang'ana powala pawindo. Anakayang'ana ndi maso a mmisiri, ndipo ndinaona kuti amvetsa zonse.

"Kakanatha chaka," anatero.

"Mwina. Mwinanso sabata imodzi. Ine sindikudziwa, malume, inunso simukudziwa."

"Wapita kukadula ntchito yanga pamaso pa anthu a ku Area 25. Zaka zonsezi palibe anabwezapo ntchito yanga."

"Ndinakuuzani poyamba pano. Ndinakuuzaninso nditagwada."

"Ukanabwera kudzandiuza kuti kafiirira. Ndikanapita ndekha."

Apa ananena zoona pang'ono, ndipo ndakhala ndikuziganizira. Mwina akanapitadi. Koma linali Loweruka masana, m'nyumbamo munali modzaza ana, ndipo ulendo wa ku Kawale ndi kubwerera ukanatenga maola awiri ngati akanavomera msanga, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Sindikanadikira," ndinatero.

"Ndiye shopu ino yakuchepera. Tenga katundu wako."

Ndinatenga. Sindinalire mpaka nditakwera minibasi.

Mayi anatha masiku anayi akundiyankhula zofunika zokhazokha. Abale anabwera, ena kuchokera ku Area 23, kudzandiuza kuti sukulu yandiwononga, kuti mwana wamkazi woyankha chonchi sadzakhala pabanja, kuti ndipitenso ndikagwade. Azakhali ena anandifunsa kuti, "Nanga nyumbayo inapsa?" Ndinati sinapse. "Ndiye unavutikiranji?" Funso limeneli ndalimva kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo ndinasiya kuliyankha mwaulemu. Anthu amafuna nyumba iyambe yapsa kuti avomereze kuti unkanena zoona, ndipo ikapanda kupsa chifukwa choti wadula waya, mlandu umakhala wako. Ndinawauza azakhaliwo kuti chopepesa ndinapepesa kale, ndipo china chopepesa ndilibe. Mpaka lero maganizo anga ndi omwewo.

Ndi malume timaonana pamaliro ndi pamaukwati. Ndimagwada n'kuwapatsa moni, iwo amayankha bwinobwino n'kufunsa za ana anga. Za tsiku lija sitinazitchulepo. Sindibisa kuti ndimawasowa. Zambiri zimene ndimadziwa za wailesi ndinaziphunzira nditaima kumbuyo kwawo, ndipo palibe mmisiri wina amene ndamuona wakhutu ngati lawo.

Patatha mwezi ndi theka ndili pakhomo, ndinapeza malo ku Biwi. Telala wina wachikulire wochokera ku Mangochi anali ndi khonde lalitali kuposa mmene makina ake ankafunira, ndipo anavomera kuti ndiike tebulo kumapeto kwake. Soketi inali imodzi, tinkagawana. Anandiuza kuti Lachisanu masana amapita kumzikiti, ndiye ndiziyang'anira nsalu zake, ndipo ndisamawotcherere mphepo ikamawombera kumene kuli madiresi a ukwati.

Tsiku loyamba sikunabwere munthu. Lachiwiri kunabwera bambo wina ndi wailesi kukhwapa, n'kufunsa telala kuti amisiri apita kuti. Telalayo, singano ili pakamwa, anandiloza ndi chigongono. Bambowo anandiyang'ana, anayang'ana tebulo, n'kunena kuti abweranso. Sanabwerenso.

Tsiku lachitatu, chakumasana, kunafika agogo ena aakazi ndi ayironi yositira m'jumbo. Chingwe chake chinali chitapsa pafupi ndi chogwirira, ndipo wina anali atachimanga ndi pepala la shuga.

"Mwanawe, akuti umakonza zamagetsi?"

"Ndimakonza, agogo."

"Mdzukulu wanga amangachimanga, koma chimandigwira ndikamasita."

"Musachilowetsenso m'khoma mpaka ndisinthe chingwe chonse. Khalani apa pamthunzi."

Telala anawasunthira mpando. Ndinayala nsalu patebulo, ndinamasula ayironiyo n'kuyamba ntchito, agogowo akundifotokozera za mdzukulu wawo amene ankafuna kudzakhala dalaivala.